Mitengo ya pakhomo: pobzala ndi poilera

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kukafika pa 15 Epulo, koma ine ndikupemphani kuti mbande za pakhomo zilowe m'nthaka Januwale asanathe. Yobzalidwa mu Malichi imakumana ndi chilimwe mizu isanagwire.

Musanakumbe, yang'anani malo. Kachere mthunzi wake ndi wabwino, eya, koma mizu yake imang'amba simenti ndi kugumula chimbudzi. Bulugama amamwa madzi kwambiri, ameneyo asayandikire chitsime. Wofuna mthunzi wa chaka chonse abzale msikidzi, nimu kapena mango chakumadzulo kwa nyumba, kumene dzuwa limawotcha khoma likapendeka. Muyende mapazi khumi kuchokera pakhomapo, kenako mukweze maso muone ngati sipadutsa mawaya a magetsi. Amayi okonda maluwa, kesha amapereka achikasu, ndipo jakaranda amachita maluwa cha mu Seputembala ndi Okutobala, pamene kwina konse kwauma gwaa.

Dzenje likhale masentimita 60 kuya kwake, m'lifupi chimodzimodzi. Dothi lapamwamba muike padera, musakanize ndi manyowa owolerana bwino, ndipo limenelo ndilo liyambe kubwerera m'dzenje. Ndowe zaziwisi ayi, zimawotcha mizu. Chubu chapulasitiki chimene mbande imabweramo ching'ambeni ndithu muchichotse. Ambiri amakwirira nacho, mizu n'kumangozungulira m'katimo.

Tsopano apa mumvetsere. Mitengo yambiri imene timabzala imafa m'chilimwe choyamba, ndipo ine zimandiwawa. Tikakolola timamasula mbuzi, ndipo mbuzi ikaona kamtengo kobiriwira pabwalo louma, imabudula nsonga mpaka katsale kamtengo kambee. Tsono mpanda mumange tsiku lobzala lomwelo, wa minga, wa bango, kapena njerwa zosanja mosiya mipata kuti mphepo izidutsa. Patsinde mukonze kabeseni kosunga madzi, muphimbire ndi udzu wouma, koma udzuwo usakhudze tsinde chifukwa chiswe chimakwera pomwepo. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula igwe, ndowa imodzi kawiri pa sabata, madzulo. Kumjigo kukatalika, madzi otsukira ndiwo kapena mpunga musataye, akathireni pamenepo. Mtengo uliwonse mupatse mwana mmodzi, adziwe kuti wothirira ndi iyeyo.

Amene mukufuna mbande, mulembetse kwa alembi a komiti tisanabalalike.