Makalata anu: tsiku loyamba kunadzaza, lachiwiri kunabwera azibale okhaokha

Takulandiraninso omvera nonse, ino ndi nthawi ya makalata anu ija. Sabata ino kaya munapangana kaya bwanji, ambiri mwalemba nkhani imodzi, ya mashoo a usiku a ma DJ, house, amapiano, gqom ndi zinzake. Ena pa WhatsApp, ena SMS, mmodzi walemba papepala lenileni ndi bolopeni, tifikako. Maina sinditchula monga mwa masiku onse.

Yoyamba yachokera ku Area 25 ku Lilongwe.

"Akulu moni. Ine ndi mnyamata wa ku 25, ndimapanga za u DJ ndi anzanga awiri. Tinayambitsa usiku wa amapiano ndi afro house pa bala ina kwathu konkuno, tsiku loyamba polowa panali paulere nde anthu anadzaza mpaka ena kuvinira kunja kwa mpanda ife tinangoti basi zatheka. Mwezi wotsatira tinaika K5,000 pageti, akulu kunabwera anthu oti mutha kuwawerenga ndi zala, theka lawo azibale athu omwe analowanso ulere. Mwini bala akuti tikapanda kumudzazira malo atilanda Loweruka. Anzanga akuti tikongole ndalama tiitane DJ wa ku Joni kuti dzina limveke. Titani?"

Achimwene, choyamba katapila ameneyo musamuyandikire. DJ wa ku Joni safuna makwacha, afuna ma rand kapena madola, nde muonjezepo tiketi ya ndege, hotela, galimoto yomutenga ku KIA, komanso amatumiziratu mndandanda wa zida zomwe akufuna, nthawi zambiri ma CDJ a Pioneer, makina oseweretsera nyimbo a ma DJ akuluakulu, osati kakontrola kanu kolumikiza ku laputopu kaja, zomwe zikutanthauza kuti mukabwerekenso zida. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25% mu May 2022 kenako 44% mu November 2023, ndipo forex mukudziwa nokha mmene ikusowera. Tiyerekeze zonsezo mwakwanitsa, malo adzaza. Anthuwo abwerera iyeyo, ajambula mavidiyo, apita. Mwezi wamawa mwatsala atatu nokha ndi ngongole.

Anthu amaona Lake of Stars, chikondwerero cha nyimbo cha kunyanja chija, nkumaganiza kuti inangoyamba ndi chikhamu. Will Jameson asanakachititse chikondwerero choyamba ku Chintheche mu 2004, anali akuyendetsa usiku wa madansi ku Liverpool kuyambira 2000, dzina lake Chibuku Shake Shake, eetu dzina la mowa wathu womwewu. Anayamba kaye wakhala ndi anthu ake omukhulupirira mu kalabu, zakunyanja zinabwera pambuyo.

Inuyo amene mukuwadandaula kuti ndi owerengeka aja, amene analipira K5,000 osakhala abale anu, ndi amene muyenera kuwadziwa maina. Munatenga manambala awo? Ndikukayika. Ulendo uno pageti pakhale munthu wolemba manambala a amene akufuna, osakakamiza, mupange gulu la WhatsApp lomwe olembamo ndi ma admin okha chifukwa mukalitsegula mawa lake mudzaza ma good morning ndi ogulitsa nsapato, anthu nkuyamba kutulukamo. Mmenemo muziponya zinthu zochepa koma zofunika, mix ya usiku wapita, tsiku la shoo yotsatira, basi. Mix muichepetse isadye bandulo ya munthu yonse. Zithunzi musamangoponya pa Facebook, funsani eni ake, ena anatsanzika kunyumba kuti akupita ku overnight.

Tsiku likhale limodzi lodziwika, mwachitsanzo Loweruka loyamba anthu akangolandira malipiro, malo omwewo, nthawi yomweyo, mvula igwe isagwe. Munthu asamachite kufunsa kuti kodi mwezi uno kuliko. Mukalemba pa positala kuti 8 koloko, pa 8 koloko nyimbo zikhale zikulira ngakhale muli anthu asanu, chifukwa asanu amenewo akapeza mukumangabe mawaya ulendo wina abwera 12 koloko, ndipo wobwera pambuyo pawo akasuzumira nkuona mopanda anthu amabwerera pageti pompo.

Za mtengo, kuchoka paulere kufika K5,000 munadumpha kwambiri. Ikani mtengo wotsika kwa ofika isanakwane 10 koloko ndi kwa olipiriratu pa Airtel Money kapena Mpamba, wokwera kwa ochedwa. Wolipiriratu amabwera ngakhale kuzizire, ndalama yake imamupweteka. Azibale apatseni malire, aliyense wa inu atatu alowetse anthu awiri basi, otsala alipire, akakwiya akwiye.

Mwini bala uja alibe nazo ntchito za log drum, kugunda kwa bass kwa mu amapiano kuja, iye amawerenga makireti a Green omwe atuluka. Nde lankhulani naye chilankhulo chake, muwerenge naye limodzi makireti isanayambe shoo ndi itatha, mugwirizane kuti geti ndi yanu mowa ndi wake kwa miyezi ingapo, mulemberane papepala. Akakanitsitsa Loweruka musalire, Lamulungu masana kuyambira 2 koloko mpaka 9 usiku limayenda bwino kwambiri ndi nyimbo zimenezi, pali kanyenya, anthu amabwerera kwawo minibasi ndi kabaza zikadalipo, ndipo simukulimbana ndi malo onse a ku Bwandilo omwe Loweruka amakhala atakoka anthu kale.

Yachiwiri ndi ya achemwali a ku Zingwangwa ku Blantyre.

"A wailesi, ine house ndimaikonda kuyambira kalekale koma ndinasiya kupita kumashoo. Okonza amalemba ladies free ngati kuti vuto lathu ndi ndalama ya pageti. Ukangoyamba kuvina wina wakugwira mchiuno osamudziwa, ukauza bouncer akuseka akuti nanga munabwereranji, chimbudzi chopanda loko chopanda getsi, nde 3 koloko ukatuluka palibe chokwera kupatula galimoto ya munthu yemwe wakhala akukuvutitsa usiku onse. Auzeni anyamatawa."

Achemwali mwawauza kale nokha, ine ndingobwereza kuti a ku 25 aja amve. Ladies free ija nthawi zambiri cholinga chake nkukopa amuna ogula mowa, ndipo amayi amadziwa zimenezo. Mtsikana akavutitsidwa kamodzi sachoka yekha ayi, amachoka ndi gulu lake lonse la anzake, nde mudzadabwa kuti bwanji pamalo povinira pali ma guy okhaokha atagwira mabotolo kuyang'anizana. Wachitetezo auzidwe shoo isanayambe kuti wogwiragwira anthu akutuluka ngakhale akhale wogula tebulo lodula, ndipo pakhale mayi mmodzi pakati pa ogwira ntchito woti munthu atha kukamudandaulira. Loko wa chimbudzi ndi babu ndi ndalama zingati? Panja pakhale powala. Mupangane ndi a taxi ndi a kabaza angapo odziwika nkhope kuti azidikira pageti, manambala awo muwaike mu gulu lija. Zimenezi sizioneka pa positala koma ndi zomwe achemwaliwa akauze anzawo Lolemba kuntchito.

Tsopano ya papepala ija, ya bambo a ku Chibavi ku Mzuzu, ndipo zolemba zawo ndi zooneka bwino kuposa zanga.

"Mwana wanga, ine ndine wopuma pantchito ya uphunzitsi. Pafupi ndi nyumba yanga pamakhala madansi amenewa kumapeto kwa mwezi. Malata amanjenjemera mpaka mbandakucha, mayi akunyumba amadwala BP. Komanso ndifunse, kodi imeneyi ndi nyimbo? Palibe mawu, palibe uthenga, ndi du du du basi. Bwanji osaimba zathu za Chimalawi?"

Bambo zikomo, ndipo pa nkhani ya phokoso ndili mbali yanu popanda kukambirana. Chomwe chikugwedeza malata anu ndi bass, mawu okhuthala apansi aja amadutsa khoma mosavuta kusiyana ndi mawu ang'onoang'ono, nchifukwa chake inu simumva nyimbo yonse, mumangomva du du du yokhayo. Okonza akhoza kuchepetsa vutoli akafuna, masipika akuluwo awachotse pakhoma loyang'ana nyumba za anthu, awalozetse kwa ovina, ikadutsa 12 koloko bass itsike, ndipo nthawi yotsekera ikhale yodziwika. Pitani ndi a mfumu kapena a block leader mukakambirane ndi mwini malo, zikakanika khonsolo ya mzinda ndi apolisi alipo. Anyamata okonza mashoo, kuyenda makomo oyandikana nawo sabata isanafike shoo nkusiya nambala yanu sikuchotsa ulemu. Neba wokwiya amatseketsa shoo pa 1 koloko anthu atalipira kale, ndipo anthuwo sakakwiyira neba, akakwiyira inu.

Apa ndionjezepo za mapepala poti ambiri mumazithawa. Zisangalalo za pagulu zimafuna chilolezo, lamulo lake ndi lakale la 1968 la Censorship and Control of Entertainments, ndipo kuseweretsa nyimbo za eni ake pagulu kumafuna laisensi ya COSOMA, bungwe lomwe lakhalapo kuyambira 1992 kutolera ndalama za oimba. Funsani mwini malo ngati ali nazo, musangoganiza.

Koma pa funso lachiwiri bambo mundilole nditsutsane nanu pang'ono mwaulemu. Inu a kumpoto mukudziwa malipenga, ng'oma ikagunda ndi mabaja akalira munthu safunsa uthenga, mwendo umanyamuka wokha. Nyimbo izi zili choncho, zinapangidwira thupi. Komanso si za azungu monga ena amanenera, house inayambira kwa anthu akuda ku Chicago m'ma 1980, a ku South Africa anaitenga nkuichedwetsa kukhala kwaito m'ma 1990, gqom inabadwira m'makomboni a ku Durban, amapiano m'makomboni a ku Gauteng, ndipo mu 2022 Black Coffee, DJ wa ku South Africa, anapata mphoto ya Grammy ya chimbale cha dance ndi electronic. Iwowa anafika pamenepo chifukwa anaikamo zakwawo. Apa nde pomwe ndikugwirizana nanu, DJ wathu akamaseweretsa Kabza De Small ndi Maphorisa, akatswiri a amapiano a ku South Africa, usiku onse ndiye kuti akupereka zomwe bala iliyonse ikupereka, munthu alibe chifukwa chobwerera kwa iyeyo. Tili ndi manganje, beni, ingoma, tili ndi anyamata m'ma studio ang'onoang'ono ku Ndirande, ku Kawale ngakhale ku Chibavi konko omwe akusakaniza ng'oma zimenezi pa kompyuta. Okonza mashoo apatseni ola limodzi anyamata amenewa, amabwera ndi anzawo, ndipo nyimbo yomwe munthu sangaipeze kwina kulikonse imamubweretsanso mwezi wamawa.

Ina yachokera ku Zomba, kwa DJ wa ku Chikanda.

"Boss, ine vuto langa ndi ma request. Ndikangoyamba afro house wina wabwera ndi foni kumaso kwanga akuti ika dancehall, wina akuti za ku Zambia, mwini malo naye akuti sintha anthu akhala pansi. Pomaliza usiku wanga wa house umangokhala ngati ukwati. Komanso ana a sukulu akatsekera malo amakhala gwaa."

Aise ndakumva. Koma ndikufunse, anthuwo akhala pansi nthawi yanji? Ngati ndi 9 koloko asiye akhale, akumwa, akucheza, si nthawi yovina imeneyo. Ma DJ ambiri achinyamata mumatulutsa nyimbo zonse zotchuka anthu asanatenthe, ikamafika 1 koloko mulibe chotsala nde mumayamba kubwereza. Amapiano amayenda cha m'ma 112 BPM, kutanthauza kugunda 112 pa mphindi imodzi, afro house cha m'ma 120 kupita mtsogolo, gqom ndi yothamanga kuposa apo, nde usiku uzikwera pang'onopang'ono osati kudumphadumpha. Mukakhala ma DJ atatu gwirizanani, woyamba ntchito yake nkutenthetsa malo osati kuonetsa kuti amatha kuposa anzake.

Za ma request, mugwirizane ndi mwini malo masana kuti usiku umenewu ndi wa house, masiku ena onse a mwezi ndi ake aike zomwe akufuna. Wa foni uja umumwetulire, umuuze kuti lero ndi tsiku lina. Ena achoka, zoona, koma okonda house enieni ngati achemwali a ku Zingwangwa aja amabwera pokhapokha akatsimikiza kuti sumutembenukira pakati pa usiku. Za ana a ku Chanco, kalendala ya sukulu uidziwe, nthawi ya mayeso ndi ya holide usapange shoo yaikulu, chepetsa, koma osatseka. Ku Zomba kuli anamwino, aphunzitsi, ogwira ntchito m'maofesi, amenewo satsekera.

Ka SMS komaliza kachokera ku Mangochi, akungoti, "Nanga magetsi akathima pakati pa shoo?"

Akathima osati ngati athima achimwene, mukukumbukira mmene zinalili Kapichira itaonongeka ndi namondwe Ana mu January 2022. Jenereta ikhalepo, muiyese masana ndi masipika onse ali oyaka osati ndi babu limodzi, mafuta mugule masiku angapo shoo isanafike poti za mizere pa filling station mukuzidziwa. Zida zanu zidutse pa stabilizer chifukwa magetsi akamabwerera ndi pomwe amaotcha ma amp. Laputopu ikhale yodzaza moto, nyimbo zikhalenso pa flash ziwiri, ndipo munthu mmodzi ntchito yake ikhale jenereta yokhayo, asamwe.

Nthawi yatithera, makalata otsala tiwerenga sabata yamawa, kuphatikizapo ya amayi a ku Kasungu ofunsa ngati mwana wawo angadye nazo za u DJ. A ku Area 25 mudzatilembere mmene zayendera ndi mwini bala uja.