Za kukukuta mano kwa achimwene

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu wa phokoso limene achimwene akumachita usiku akagona ndaumva. Ndati ndiyankhe ndi mawu chifukwa nkhaniyi ndi yaitali, ndipo muwamvetsere nawo achimwene.

Phokoso mukulimva usikulo ndi kukukuta mano ali m'tulo. Madokotala amati bruxism. Iwo sakudziwa kuti akuchita zimenezo, ndiye akamakana musadabwe. Kawirikawiri amene amayamba kuzindikira ndi munthu wogona naye pafupi, ngati inuyo. Achimwene, inu mudzifufuze m'mawa mukangodzuka. Nsagwada zikumakhala zotopa kapena zolimba? Mutu ukumawawa m'mbalimu, pakati pa diso ndi khutu? Ena amamva ngati khutu likuwawa pomwe khutulo lili bwinobwino. Muyang'anenso pagalasi ngati mano ayamba kuphwatalala kunsonga kapena kubenthuka, ngati mkati mwa tsaya muli zipsera zodziluma, komanso ngati mano amabaya mukamwa madzi ozizira.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi ichi: chikutiro cholimba cha pamwamba pa dzino chikaperepeseka, sichimeranso. Ndiye chonde musadikire kuti dzino lisweke kaye. Pitani kwa dokotala wa mano. Akaona kuti ndi zimenezo, amayeza m'kamwa mwanu n'kukonza kapulasitiki kovala kumano pogona. Ndinene poyera, kapulasitikiko sikathetsa kukukutako, kamangoteteza kuti mano asakhulane okhaokha. Komabe ndi kofunika kwambiri, ndipo kochita kukuyezani kamakhala bwino m'kamwa kusiyana ndi kongogula kopangiratu.

Tsono gwero lake. Nthawi zambiri ndi nkhawa ndi maganizo, ndipo achimwene, tonse tikudziwa kuti mwasenza zambiri miyezi imeneyi. Fodya, mowa, khofi kapena tiyi wambiri madzulo zimawonjezera vutoli. Mankhwala ena a matenda a nkhawa, monga fluoxetine ndi sertraline, nawonso amatha kuyambitsa. Ngati mukumwa mankhwala aliwonse, musasiye panokha, muwauze adokotala. Alamu, palinso china choti mutchere khutu: ngati amaliza mkonono kwambiri, kenako n'kukhala ngati mpweya wabanika, n'kudzidzimuka, mukanene zimenezo kuchipatala. Kubanika m'tulo kumayendera limodzi ndi kukukuta mano, ndipo ndi matenda ofunika chithandizo chakechake.

Masana namonso anthu amalumanitsa mano osadziwa, poyendetsa galimoto, pa foni, ngakhale poganiza chabe. Munthu akangokhala, milomo imatsekeka koma mano a m'mwamba ndi a m'munsi sayenera kugundana. Mukazindikira kuti mwaluma, masulani nsagwada, lilime likhale kumwamba kuseri kwa mano akutsogolo. Chingamu musiye kaye, zoluma zikhadabo ndi bolopeni nazonso ayi. Madzulo nyikani kansalu m'madzi ofunda, muthowe m'masaya kwa mphindi 10 kapena 15, kenako musisite pang'onopang'ono ndi zala. Zikamapweteka kwambiri paracetamol amathandiza, koma kwa masiku ochepa chabe.

Za mwana munafunsa zija, mtima m'malo. Ana ambiri amakukuta mano ndipo amasiya okha akamakula. Mumutengere kuchipatala pokhapokha akamadandaula kupweteka, akamalephera kugona bwino kapena mano akuoneka kuti akutha.

Koma achimwene, ngati kamwa likukanika kutseguka bwino kapena nsagwada zikumagwirana, musachedwe ndi tsiku limodzi lomwe. Mukapita mundiuze zimene anena, za kapulasitikiko ndithandizapo. Mupereke moni kwa amayi.