Uthenga kwa a gulu la zisudzo: mmene tisewerere munthu wogona pakhomo pa mfumu

Mwaswera bwanji nonse a m'gulu? Ndati ndijambule mawu usiku uno chifukwa zimene ndinaona dzulo pokonzekera sewero lathu la ufumu wakale wa Byzantium zandisowetsa tulo. Mumvetsere mpaka kumapeto, makamaka iwe mwana wanga amene watenga mbali ya parakoimomenos.

Tiyambe ndi dzinalo, poti ena munkaluma lilime. Ndi mawu a Chigiriki, ndipo Agiriki a lero "oi" uja amamuwerenga ngati "i". Tsono nenani pang'onopang'ono: pa-ra-ki-mo-me-nos. Tanthauzo lake ndi "wogona pambali", kunena munthu amene ankagona pafupi ndi chipinda cha mfumu yayikulu ku Constantinople, likulu la ufumuwo, kulonda kuti usiku pasalowe aliyense.

Iwe dzulo unalowa pansanja ukukuwa, chifuwa patsogolo ngati mkulu wa asilikali. Zimenezo usiye. Taganiza, munthu ameneyu ndiye womaliza kulankhula ndi mfumu isanagone, ndiyenso woyamba kuiona ikadzuka. Nduna ikakhala ndi dandaulo, iyenera kudzera kwa iye. Munthu wotere akuwirenji? Mawu ako akhale apansi koma omveka mpaka kumbuyo kwa holo. Uziima kuseri kwa mpando wa mfumu, pomwe ungawerame n'kunong'oneza m'khutu. Ena akamalankhula, iwe maso pa mfumu, osati pa wolankhulayo. Mfungulo ija uimangirire m'chiuno, ndipo dzanja lizipitako lokha nthawi ndi nthawi.

Ambiri amene anagwira udindowu anali amuna ofulidwa, monga mdindo wa ku Itiyopiya uja timamumva m'buku la Machitidwe. Apa ndikuchenjezeni nonse: palibe kuseka, ndipo iwe usachepetse mawu kapena kusintha kayendedwe kuti oonerera akondwe. Ku Byzantium munthu wofulidwa sankaloledwa kukhala mfumu, komanso analibe ana oti aziwakonzera mpando. N'chifukwa chake mfumu inkagona mtima uli m'malo iyeyo ali pakhomo. Mu 899 nduna ina, Philotheos, inalemba ndondomeko ya maudindo ndi makhalidwe a pa madyerero achifumu, ndipo mwa ntchito zosungidwira ofulidwa, iyi inali pamwamba. Amuna enawo ankatchedwa "andevu". Atsikana a zovala, mwamva? Ndevu zija ndi chizindikiro chathu. Akavala ndevu, oonerera adziwe kuti pakhomo pagona munthu amene angathe kulanda ufumu.

Chinanso, m'seweroli muli a Basil atatu, ndiye tisasokoneze anthu. Woyamba tizimutchula Basil wa mahatchi, wachiwiri Lekapenos, wachitatu mfumu yachinyamata.

Gawo loyamba, uvale ndevu. Mfumu ndi Michael III, mnyamata wokonda mijaha ya mahatchi ndi vinyo. Wogona pakhomo pake anali Damian, wofulidwa, koma anayambana ndi Bardas, atsibweni ake a mfumu, n'kuchotsedwa. M'malo mwake Michael anaikapo mnzake wapamtima, Basil, mwana wa alimi, chimphona chodziwa kugwetsana ndi kuweta mahatchi olusa. Uyu sanali wofulidwa. Mu Epulo 866 Basil anapha Bardas. Mu Meyi chaka chomwecho anavekedwa chisoti kukhala mfumu yachiwiri. Mu Seputembala 867, ku nyumba yachifumu ya St Mamas, Michael ataledzera n'kupita kukagona, Basil ndi anzake analowa n'kumupha. Olemba mbiri akale amati Basil anali atayamba wapinda mpiringidzo wa chitseko kuti chisatsekeke.

Pamenepa ndi pamene ndikufuna mufatse. Kupha kwenikweniko kuchitikire kuseri kwa katani, ife sitikuonetsa. Chimene tionetse ndi mpiringidzo. Phwando likupitirira mbali inayo, oimba ng'oma mukuimba motsitsa, iwe udzuke ngati ukupita kukataya madzi, ufike pachitseko, ugwire chitsulocho ndi manja awiri, uchipinde mosafulumira. Kenako upukute manja pa chovala, ubwerere kukakhala pambali pa mfumu, uithirire chakumwa. Usayang'ane oonerera. Munthu amene ankadziwa chitsekocho kuposa wina aliyense ndi amene anali atagonapo miyezi yambiri. Banja la Basil linakhala pampando mpaka 1056.

Gawo lachiwiri n'lalifupi, ndevu uchotse. Wofotokoza nkhani atchule anthu awiri, iwe ungosintha nsalu ya paphewa. Samonas, wobadwira kwa Aarabu, anakwera mpaka udindowu pansi pa mfumu Leo VI mu 907, chaka chotsatira n'kugwa. Theophanes yekhayu mumupatse kamphindi. Mu 941 a Rus, anthu ochokera kumpoto, atabwera ndi mabwato ambiri kudzathira nkhondo Constantinople, iye anawachingamira ndi zombo zakale zochepa, n'kuwapopera moto uja wa Agiriki woyaka ngakhale pamadzi. Mphotho yake inali kugona pakhomo pa mfumu. Oonerera aone kuti pofika apa, imeneyi ndi mphotho yopatsidwa kwa munthu wopulumutsa mzinda.

Tsopano gawo lachitatu, lomwe ndi mtima wa sewero. Basil Lekapenos anali mwana wa mfumu Romanos I, koma wa kunja kwa banja, ndipo anafulidwa. Mlongo wake Helena anakwatiwa ndi Constantine VII, ndipo mlamu wakeyo ndi amene anamupatsa udindo. Mu 958 anatsogolera nawo asilikali kukalanda mzinda wa Samosata. Constantine atamwalira mu 959, mfumu yatsopano inamuika pambali n'kukweza Joseph Bringas. Pamenepa usaonetse mkwiyo. Ukhale pansi pakona, manja pa mawondo, ngati munthu wodikira mvula atabzala kale. Mu 963 Lekapenos anapatsa zida antchito a pakhomo pake, masauzande ndithu, n'kuthandiza mkulu wa asilikali Nikephoros Phokas kulowa mu Constantinople kukakhala mfumu. Bringas anagwa, mfungulo inabwerera kwa Lekapenos. Mukamve bwino pamenepo, munthu mmodzi kukhala ndi antchito okwanira kumenya nkhondo m'misewu ya likulu.

Anatumikira Nikephoros, anatumikiranso John Tzimiskes amene anapha Nikephoros mu 969. Anyamata osewera mafumu, muzisinthana pampando, koma iye asasunthe pamalo pake. Oonerera aone ndi maso kuti zisoti zikusintha mitu, woima kumbuyo ndi yemwe uja. Pali nkhani yakuti Tzimiskes pobwerera ku nkhondo ya ku Syria anaona minda yachonde yambirimbiri, atafunsa mwini wake n'kumva kuti ndi Lekapenos, anadandaula poyera. Tzimiskes anamwalira mu Januwale 976, ndipo kunamveka manong'onong'o akuti Lekapenos anamumwetsa poizoni. Manong'onong'owo akhale m'kamwa mwa amayi awiri a pamsika aja. Iwe usagwire botolo lililonse pansanja, poti sitikufuna kumuweruza pa mphekesera.

Lekapenos ankakondanso zinthu zokongola. Bokosi lagolide losungiramo zidutswa zimene ankakhulupirira kuti n'za mtanda wa Yesu, limene anapangitsa lilipo mpaka lero ku Limburg m'dziko la Germany, linatengedwa pambuyo poti asilikali a nkhondo za mtanda ochokera kumadzulo kwa Ulaya afunkha Constantinople mu 1204. A zipangizo, kutani kabokosi ndi pepala lagolide, akaligwire mwaulemu ngati munthu wopemphera. Ine sindikufuna kuti aoneke wadyera chabe. Dzikolo analiyendetsadi, ndipo mfumu yachinyamata ija inapulumuka kuukira kwa mkulu wa asilikali Bardas Skleros iye ali pachiwongolero.

Mfumu yachinyamatayo ndi Basil II, mdzukulu wa Helena, choncho kwa iye Lekapenos ndi agogo. Wosewera mfumuyo azimuyitana choncho, "agogo", mpaka pa tsiku la kugwa. Kuyambira 976 mnyamatayo anali ndi chisoti, agogo ali ndi dziko. Mu 985 anawachotsa, kuwalanda chuma, kuwakweza chombo kupita ku ukapolo wa kutali ndi mzinda, komwe sanakhalitse n'kumwalira. Mu 996 analamula kuti makalata achifumu amene anatuluka m'nthawi ya agogowo asagwire ntchito pokhapokha iye mwini atawavomereza. Pansanja, mfumu itambasule dzanja osalankhula. Iwe umasule mfungulo m'chiuno, mfundoyo ikuvute pang'ono chifukwa yamangika zaka zambiri, uyiike m'dzanja mwake, ugwade, utuluke chammbuyo. Ng'oma zikhale chete.

Gawo lomaliza tilidutse msanga. Pambuyo pa Lekapenos udindowu unapitirira koma mphamvu zake zinayamba kuchepa. M'nthawi ya banja lachifumu la Palaiologos, lomwe linalowa ku Constantinople mu 1261, unagawidwa pawiri: wina woyang'anira chipinda chogona, wina wosunga chidindo cha mfumu. Ndipo tsopano ankapatsidwa kwa amuna andevu, ambiri a m'mabanja olemekezeka. Apa ndikufuna anthu awiri, onse andevu, wina mfungulo, wina chidindo, ataima patali ndi mpando kusiyana ndi poyamba. Mmodzi akhale Alexios Apokaukos, amene analandira dzinali mu 1321, pambuyo pake n'kukhala mkulu wa zombo zankhondo, ndipo anaphedwa ndi akaidi mu 1345.

Loweruka tikumana 2 koloko. Iwe wa parakoimomenos ubwere ola limodzi anzako asanafike, tikayeserere za mpiringidzo ndi za mfundo ija tili awiri. Amene muli ndi waya wofewa woti n'kupindika ndi manja, wonenepa ngati chala, mubwere naye. Atsikana a zovala, ndevu zikhale zitatu, zomangira ndi lamba wa mphira kuti zizichoka msanga kuseri kwa katani. Gonani bwino.