Uthenga wa mawu kwa mphwanga: mashrabiya mu SketchUp

Mphwanga, ndamva uthenga wako, akuti laputopu ikumangoima ukatsegula mu SketchUp, pulogalamu yojambulira nyumba ija, fayilo ya zenera lija la mashrabiya, zenera la timitengo tolukanalukana la nyumba za Aluya. Chimene wachita ndikuchidziwa: wajambula kamtengo kalikonse pakokha. Fufuta, tiyambirenso.

Uyambe wayang'ana zithunzi za Bayt al-Suhaymi ku Cairo, nyumba yomwe anayamba kuimanga mu 1648. Mazenera ake si bolodi yoboola ayi. Ndi timitengo tambirimbiri tozungulira, tosemedwa pa lathe (makina osemera mtengo ukuzungulira) n'kulowetsana. Kuzungulirako n'kumene kumafewetsa kuwala kuti kusathobwe m'maso, ndiye ukaika timitengo ta makona anayi wataya zonse.

Tsono jambula theka la mbali ya kamtengo kamodzi basi, ndi bwalo pansi pake, kenako Follow Me, chida chozunguliritsa thekalo motsata bwalolo. Koma tchera khutu apa. Circle ya SketchUp imabwera ndi mbali 24. Ukangosankha chida cha Circle, lemba 8, dinda Enter, usanajambule. Patali palibe adzaone kusiyana, pamene mbali 24 kuchulukitsa ndi timitengo masauzande, ndi zimene zikupha laputopu yakozo.

Ukamaliza, dinda G kakhale Component, chinthu chimene makope ake onse amakhala olumikizana. Osati Group, ndikubwereza, Component. Ukadzafuna kukanenepetsa pang'ono mawa, ukonza kamodzi tonse tisintha. Kenako Move, dinda Ctrl, sunthira pamene ukufuna, lemba x30 kuti kachuluke ka 30, kapena mmene m'lifupi mwafunira.

Chimene ambiri amaphonya n'chakuti mipata si yofanana zenera lonse. Hassan Fathy, katswiri wojambula nyumba wa ku Egypt, anafotokoza bwino: m'munsi, pamene pali maso a munthu, timitengo timathinana, kuti wa m'nyumba aone msewu koma wa mumsewu asamuone. M'mwamba mipata imatakasuka kuti mphepo ndi kuwala zilowe. Ndiye upange ma Component awiri, wothina ndi wotakasuka. Ine sindikonda amene amangomata chithunzi cha PNG pa galasi, chifukwa mthunzi wake sunena zoona.

Za mthunzizo, pa Add Location ika Cairo, tsegula Shadows, yesa 21 June masana, kenako 21 December. Ukasiya malo a kuno kwathu, dzuwa lidzakhala mbali yolakwika, ife tili kumwera kwa equator.

Ndatsala pang'ono kuiwala. Zenera lonselo uliike pa Tag (gulu la zinthu zobisika pamodzi) yakeyake, uzilibisa ukamakonza makoma. Ukafika pa mthunzi wa December unditumizire chithunzi pa WhatsApp.