Mwana akatengedwa ndi a sosho kuno ku Joni

Zikomo amayi ndi abambo, inu akumbuyoko mukundimva eti? Chabwino. Abusa andipatsa kanthawi kochepa nde ndingolunjika.

Mwezi wathawu ndinaperekeza mtsikana wina wakwathu kukaona mwana wake komwe boma likumusunga. Amagwira ntchito ya m'nyumba, amadzuka 4 koloko kuthamangira taxi, tsiku lina amayi omwe amawasiyira mwana anadwala nde iye poopa kuchotsedwa ntchito anangomukhomera mwana wa zaka 4 mu room ndi buledi ndi botolo la madzi, aneba atamva kulira anaitana apolisi. Chimene chinandipweteka ine, mtsikana uja atamva kuti mwana watengedwa anabisala miyezi 3 chifukwa pasipoti yake inatha masiku. Titafika mwana anakhala pa kampando ka pulasitiki, mayi ake akuti "bwera mwanawe, wadya?" iye kungoyang'ana pansi, kenako nkuyankha m'Chizulu. Anamutengera nsima ya usipa m'kabakuli, anaigwiragwira ndi chala koma kudya ayi. Miyezi 3 yokha abale anga.

Tiyambe ndi lamulo, chifukwa mantha athu ambiri amachokera posalidziwa. Kuno kuli lamulo la ana, Children's Act ya 2005, inayamba kugwira ntchito yonse mu April 2010. Sosho weka, amene amaona za chisamaliro cha ana, kapena wapolisi angathe kuchotsa mwana pakhomo ngakhale opanda kalata ya khoti ngati akuona kuti mwanayo ali pangozi nthawi yomweyo, zimenezo nzoona. Koma kuchotsa kumeneko sikumupanga mwana wanu kukhala wa boma ayi. Mu 2012 khoti lalikulu la Constitutional Court, lomweli lili ku Braamfontein, linaweruza mlandu wa bambo wina wosoka nsapato ndi mayi wina wosaona amene anawalanda ana m'misewu ya ku Pretoria, ndipo linanena kuti mwana akachotsedwa nkhaniyo ifike pamaso pa majisitireti lisanathe tsiku lotsatira la khoti, ndipo makolo apatsidwe mpata okhalapo nkuyankhula. Tsiku limenelo ndi lanu amayi, musaliphonye. Khoti la ana silili kutali, khoti lililonse la majisitireti limakhalanso khoti la ana. Mukapanda kumva Chingerezi pemphani otanthauzira. Ndipo gawo 28 la Constitution yakuno likamanena za ufulu wa mwana limati mwana aliyense, silinati mwana wa ID yakuno yekha.

Zikatero sosho weka amakhala ndi masiku 90 ofufuza nkulemba lipoti. Apa mpamene ife timagonera. Iye akufuna adziwe, mwanayu ali ndi ndani? Azakhali alipo? Amalume? Agogo? Ife pakhomo tatseka, foni tazimitsa, ena mpaka kusamuka ku Rosettenville kupita ku Diepsloot usiku. Nde mulipotimo alemba chani, alemba kuti abale sanapezeke basi. Mwana nkupita ku senta ya ana kapena kwa banja loti ndi anthu abwinobwino ndithu koma sadziwa Chichewa, sadziwa Chiyao, mwana wachisilamu sakudziwa kuti sadya nkhumba. Chonsecho lamulo lomwelo limanena kuti posankha omulera aziganizira chikhalidwe, chipembedzo ndi chiyankhulo cha mwanayo. Mpata ulipo, koma angampeze bwanji munthu wachiyankhulo chake ngati ife sitinaonekere?

Komanso ndisakunamizeni, ntchito ya foster care, komwe khoti limapereka mwana kwa anthu ena kuti azimulera, kuno inalemedwa kalekale. Nthawi ya Edzi agogo ambiri anatenga ana amasiye nkulowa mu foster care kuti azilandira thandizo, ana mpaka anafika cha m'ma 500,000, ma sosho weka ndi ochepa, ndipo kalata ya khoti ya foster kawirikawiri imatha pakapita zaka 2 nkufunika kuikonzanso. Mafayilo anaunjikana mpaka mu 2011 a Centre for Child Law, bungwe lomenyera ufulu wa ana, anakamang'ala kukhoti ku Pretoria chifukwa ana ambirimbiri ndalama zawo zinaima. Mu 2022 boma linayambitsa ka top-up, kandalama kowonjezera pa Child Support Grant, ndalama ija boma limapereka yothandizira kulera mwana, kuti wachibale olera mwana wamasiye asamadutsenso kukhoti, cholinga ma sosho weka atsale ndi ana omwe ali pangozi zenizeni. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti munthu amene wagwira fayilo ya mwana wanu wagwiranso ena ambiri, osamudikira kuti akuimbireni. Lembani dzina lake, nambala ya mlandu, tsiku lobwerera kukhoti, muziimba inuyo mwaulemu, sabata ndi sabata. Funsani kuti ndichite chani kuti mwana abwerere, ndipo ndizimuona liti. Kubwezeretsa mwana kwa makolo ake ndi mbali ya ntchito yawo, si chifundo chongokuchitirani. Ukapeza kireshi, tenga risiti ukaonetse. Ngati vuto ndi mowa kapena nkhanza za bambo m'nyumba, zimenezo nzoti zithe kaye, apa sindikunyengererani, pali ana ena amene kuchotsedwako kunawapulumutsa.

Tsono inu amene mapepala anu ali bwino, makamaka a permanent residence, ndikuyankhula ndi inu. Kwathu timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma kuno mawu okhawo sakwana, pamafunika dzina lako likhale m'buku lawo. Pitani ku ofesi ya Social Development ya dera lanu kapena ku Jo'burg Child Welfare, bungwe lakale lija la 1909, mukanene kuti mukufuna kulera mwana. Adzabwera kudzaona pakhomo, pogona mwana, adzafufuza dzina lanu mu kaundula wa anthu osayenera kukhala ndi ana, pepala lake amati Form 30. Musakwiye nazo, mwana wanu mukanafunanso atafufuzidwa omutengayo. Ndalama ya foster yochokera ku SASSA, bungwe la boma lopereka ndalama zathandizo, inafika R1,250 pamwezi mu April 2025 ndipo amalandira ndi nzika, a permanent residence ndi ma refugee, nde mukuona nokha kuti si bizinesi, yunifolomu ndi transport yatha.

Amene mapepala sanalongosoke musati ndilibe gawo. Kuperekeza mnzako kukhoti, kumugwirira ana ena tsiku limenelo, kusinthana kusunga ana pa yadi kuti pasapezeke okhomeredwa mu room. Ndipo ngati abale odalirika ali kumudzi, kaya ku Mangochi kaya ku Mzimba, tchulani maina ndi manambala awo, chifukwa a Social Development ali ndi gawo loona nkhani za ana zodutsa malire, limalumikizana ndi a Social Welfare kwathu kuti akaone pakhomopo.

Nambala ya Childline, bungwe lothandiza ana omwe ali pamavuto, ndi 116, ndi yaulere, isungeni mu foni pompano ndikuona. Mtsikana uja akubwereranso kukhoti mwezi wa mawa, tsopano amakamuona mwana Loweruka lililonse ndipo ulendo wathawu nsima ija anadyako mbamu ziwiri. Tikufuna amayi awiri omuperekeza tsikulo. Pepala lili ndi amayi a chigwirizano pakhomopo, mulembe dzina, dera lomwe mukukhala ndi chiyankhulo chomwe mumayankhula kunyumba. Achimwene mwakweza dzanja kumbuyoko, funsani.