Sande Sukulu Imodzi, Matchalitchi Anayi: Kutsogolera Ana Mpingo Ukakhala ndi Nthambi

[Chithunzi: Lamulungu m'mawa, nkhungu idakali paphiri la Zomba. Ana akukwera kanjira kopita kutchalitchi, atsikana ena atabereka ang'ono awo.]

Moni nonse, kulikonse kumene mukutionera. Lero tili ku Zomba, ndipo vidiyoyi ndi ya inu amene akuluakulu a mpingo anakuitanirani pambali mapemphero atatha n'kukuuzani kuti, "Tagwirizana kuti inuyo muziyang'anira Sande Sukulu." Munavomera mwaulemu, poganiza kuti akunena ana amene mumawaona patchalitchi chachikulu. Mutafika kunyumba m'pamene munakumbukira kuti mpingo wanu uli ndi nthambi ku Chinamwali, ina cha ku Thondwe, inanso njira ya ku Jali. Konseko kuli ana, ndipo onsewo tsopano ndi anu.

Kayendetsedwe kameneka si kachilendo kwathu kuno. A CCAP amakhala ndi mpingo umodzi wokhala ndi nyumba za mapemphero zingapo, abusa amodzi n'kumazungulira. Kwa Akatolika, parishi imakhala ndi matchalitchi ang'onoang'ono ambiri, pansi pake n'kukhalanso miphakati. A chipentekoste amati mabulanchi. Ndi mmenenso amishoni a ku Scotland ankachitira atatsegula Domasi mu 1884: mishoni pakati, masukulu m'midzi, mphunzitsi wa pamudzi n'kumaphunzitsa kuwerenga mkati mwa sabata, Lamulungu n'kutsogolera mapemphero. Zindikirani kuti amene ankasenza ntchito tsiku ndi tsiku anali mphunzitsi wa pamudziyo. Tibwererako ku mfundo imeneyi.

Ana ake ndi ochuluka bwanji? Kalembera wa 2018, wochitidwa ndi National Statistical Office yomwe likulu lake lili konkuno ku Zomba, anapeza kuti Amalawi tinalipo pafupifupi 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka anali osakwana zaka 18. Choncho mukafika kunthambi n'kupeza ana achuluka kuposa akuluakulu, musadabwe. Mwapatsidwa theka la mpingo, kungoti theka limeneli silikhala pa sesheni, bwalo la akulu a mpingo, ndipo silivotera bajeti.

[Chithunzi: wolankhula ali pansi pa mtengo wa mango, ana akhala pamkeka ndi pamiyala.]

Ndiyambe ndi kulakwitsa kwanga. Chaka changa choyamba ndinasindikiza mapepala okongola, okhala ndi zithunzi zopaka utoto ndi mafunso a Chingerezi. Patchalitchi cha m'tauni anayenda bwino, poti ana ambiri kumeneko makolo awo ndi aphunzitsi a ku yunivesite, anamwino ndi ogwira ntchito m'maofesi, ndipo Chingerezi amachimva kusukulu ngakhalenso kunyumba. Mapepala omwewo ndinawakweza pa kabaza kupita kunthambi. Patapita mwezi ndinakawapeza ali m'katoni, mmene ndinawamangira. Amayi amene amaphunzitsa kumeneko sanafune kundichititsa manyazi. Anangoti, "Aphunzitsi, tinawasunga bwino kuti asade." Kalasi yawo inali pansi pa mtengo, tebulo panalibe, makrayoni anali asanu, ana oposa makumi asanu ndi limodzi.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti funso la mtsogoleri wa nthambi zambiri ndi ili: n'chiyani chiyenera kufanana konsekonse, nanga n'chiyani chiyenera kusiyidwa m'manja mwa eni malo? Zofunika kufanana n'zochepa kuposa mmene timaganizira.

Nkhani ya sabata ifanane. Ngati Lamulungu lino ana akumva za Yosefe atagulitsidwa ndi abale ake, amve zomwezo ku Chinamwali, ku Thondwe ndi m'tauni, vesi loloweza likhalenso limodzi. Ana a kuno amasamukasamuka: uyu wapita kukakhala ndi agogo ake nthawi ya holide, uyo wabwera kwa amalume m'tauni kudzayamba sukulu. Akalowa kunthambi ina apeze nkhani ikupitirira pamene anaisiyira. Koma kafotokozedwe kake musakalamule muli m'tauni. Cha ku Songani ndi ku Domasi kuli ana amene kunyumba amayankhula Chiyao. Mphunzitsi wodziwa kuponyamo mawu awiri atatu a Chiyao amawagwira mtima kuposa pepala lililonse. Baibulonso tilisamale. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922 ndipo ambiri tinakulira lomwelo, timalikonda, koma mwana wa Sitandade 3 mawu ake ena amamudutsa. Buku Loyera la 1998 Chichewa chake n'chapafupi. Mphunzitsi awerenge onse awiri kunyumba, akafika kwa ana atseke buku, anene nkhaniyo ngati nthano. Mukangoti "Padangokhala!" ana eni ake amayankha "Tilitonse!" ndipo phokoso limathera pomwepo. Nzosadabwitsa kuti Akatolika maphunziro a ana a Lamulungu amawatchula dzina lomweli la Tilitonse.

[Chithunzi: aphunzitsi asanu ndi atatu akhala mozungulira pamabenchi, wina akuyeserera kufotokoza nkhani, anzake akuseka.]

Tsopano tibwerere kwa mphunzitsi wa pamudzi uja. Apa ndichedwapo, chifukwa ntchito yanu yeniyeni ili pamenepa. Inu simungakhale malo anayi nthawi ya 8 koloko m'mawa. Ana anu enieni ndi aphunzitsi; iwo ndiwo ali ndi ana.

Chiyeso chachikulu n'kutumiza achinyamata a m'tauni kuti azikaphunzitsa kunthambi. Zomba ili ndi mwayi wa ophunzira a ku University of Malawi, ija tinkaitcha Chancellor College, ndipo ambiri ndi odzipereka, odziwa kuimba, ana amawakonda. Koma semesita ikatha amapita kwawo, kalasi n'kutsala yopanda mwini miyezi iwiri. Mabanja a asilikali a ku Cobbe Barracks ndi a apolisi nawonso amasamutsidwa nthawi ina iliyonse. Athandize ndithu, koma mzati wa kalasi ukhale munthu wokhala pomwepo, amene amakumana ndi makolo a anawo pachitsime, kuchigayo ndi pamaliro. Nthawi zambiri munthu wotereyu ndi mayi wa Mvano amene sukulu analekezera pulayimale, ndipo mukamupempha amakana kuti, "Ine sindinaphunzire." Musamusiye. Amene amatha kukhazika chete ana makumi asanu popanda ndodo ali ndi luso limene satifiketi sipereka.

Kunthambi kulikonse kukhale aphunzitsi osachepera awiri. Wina adzadwala, wina kudzagwa zovuta, wina nthawi yopalira adzapita kuganyu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la Sande Sukulu limalemera sabata iliyonse.

Kamodzi pamwezi aphunzitsi onse akumane kuti akonzere limodzi maphunziro a masabata anayi akubwerawo. Msonkhano umenewu uzizungulira. Ukamachitikira patchalitchi chachikulu nthawi zonse, a kunthambi ndiwo amalipira thiransipoti nthawi zonse, amafika mochedwa, amakhala kumbuyo ngati alendo, mapeto ake amasiya kubwera. Koma mphunzitsi wa m'tauni akakwera kabaza kamodzi kokha n'kukaona kalasi ya pansi pa mtengo, maganizo ake pa msonkhano amasintha okha. Ndalama ya ulendo itumizidwe pa Mpamba kapena Airtel Money lisanafike tsikulo, osati "mudzabwezeredwa". Amene alibe poyambira mawu amenewo samufikitsa pamsonkhano.

Gulu la WhatsApp ndi lothandiza, koma kumbukirani kuti ena ali ndi foni ya mabatani, ena bandulo amagula ya tsiku limodzi. Uthenga wa mawu wa mphindi ziwiri umaposa chikalata cha masamba khumi. Amene alibe WhatsApp muimbireni Lachisanu.

Inuyo musakhale ndi kalasi yanuyanu patchalitchi chachikulu. Ndikudziwa kuti n'zowawa, poti ambiri tinasankhidwa chifukwa timakonda kuphunzitsa. Koma mukadzimangirira pamenepo, nthambi muzidzangozimvera m'malipoti. Muziyenda. Mukafika, yambani mwalonjera mkulu wa mpingo wa pamenepo, "Bambo mkulu, tabwera kudzacheza ndi ana," kenako mukhale kumbuyo pamodzi ndi anawo. Musamukonze mphunzitsi pamaso pa kalasi yake. Zokambirana zidikire mpaka ana atabalalika.

[Chithunzi: mbale ya chopereka, muli makobidi ndi timapepala ta ndalama topindidwa.]

Za ndalama ndinena mwachidule. Chopereka cha ana chiziwerengedwa ndi anthu awiri, chilembedwe, onse asayine. Thumba likhale limodzi la nthambi zonse, ndipo kagawidwe katsate chiwerengero cha ana, osati kukula kwa chopereka. Pa Khirisimasi pamaoneka zonse. Ana a m'tauni akamwa Fanta ndi kudya mpunga wa nkhuku, a kunthambi n'kulandira maswiti awiriawiri, nkhani imafika kumudzi dzuwa lisanalowe. Bola onse amwe Sobo ndi mabisiketi.

[Chithunzi: wolankhula wayang'ana kamera, nyimbo yazimitsidwa.]

Pali chinthu chimodzi chimene sichisintha ngakhale nthambi ikhale yaing'ono motani: chitetezo cha mwana. Dziko lathu lili ndi lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010, ndipo mu 2017 malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Mtsikana wa Fomu 2 amene amakuthandizani kuimbitsa nyimbo ndi mwananso, ngakhale atatalika kuposa inu.

Munthu wamkulu asatsale yekha ndi mwana m'chipinda chotseka, kaya ndi mphunzitsi, kaya dikoni, kaya mlendo wolalikira. Kuyeserera sewero kapena kwaya kuthe kudakali kowala. Wofuna kuphunzitsa ana akhale wodziwika kwa akulu a mpingo a pamalopo, ndipo wochokera kumpingo wina abwere ndi kalata. Kunthambi n'kumene lamuloli limafooka msanga, chifukwa aliyense ndi wachibale wa mnzake ndipo anthu ndi ochepa, wodzipereka aliyense timangomulandira ndi manja awiri.

Mwana akakuululirani kuti wina akumuchita zachipongwe, mumvetsereni modekha, musamukalipire, musamulonjeze kuti simuuza munthu. Ndipo nkhani yotere si yokambirana pa sesheni n'kutha ndi "tapempherera, takhululukirana". Ndi mlandu. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, kuboma kuli a zachisamaliro cha anthu, ndipo pali nambala yaulere ya 116, ya Tithandizane, imene amayendetsa a YONECO omwe likulu lawo lili mumzinda uno. Mphunzitsi aliyense, mpaka wa kunthambi yakutali kwambiri, aidziwe pamtima ngati vesi. Ndaonapo anthu akuopa kuti dzina la mpingo liipa. Amene amalipira mantha amenewo ndi mwana.

Chitetezo ndi njiranso. Nthawi ya dzinja mitsinje ngati Likangala, Thondwe ndi Domasi imadzaza mwadzidzidzi, ndipo tonse tikukumbukira zimene namondwe wa Freddy anachita m'chigawo chino mu Malichi 2023. Mphunzitsi wa kunthambi akhale ndi mphamvu youza ana kuti lero musabwere, kapena kuwasunga mpaka madzi aphwe, osadikira chilolezo chochokera m'tauni. Ndowa ya madzi ndi sopo pakhomo, makamaka kolera ikamveka, n'zotchipa kuposa chilichonse chimene mungagule.

[Chithunzi: kalendala yapakhoma, chala chikuloza Ogasiti.]

Kalendala ya m'tauni ndi ya kumudzi siziyendera limodzi. Januwale ndi Febuluwale ana ambiri a kunthambi amabwera osadya kanthu. Phunziro la ola lathunthu silingalowe m'mimba yopanda phala, lifupikitseni. Holide ya Ogasiti, madera ambiri a Zomba kumakhala zinamwali, ndipo kalasi imachepa mooneka. Mipingo imasiyana maganizo pa nkhani ya zinamwali, ndipo zimenezo n'za abusa ndi akuluakulu. Chimene chikukhudza inu ndi ichi: mwana akabwerako amadziona kuti wakula. Mnyamata wa zaka 12 amene kwawo ayamba kumupatsa ulemu sangakhalenso pamkeka umodzi ndi tiana ta zaka zinayi n'kumaimba nyimbo yowomba m'manja. Sanena kanthu, amangosiya kubwera. M'tauni vutoli silioneka kwambiri chifukwa zipinda zilipo ndipo makalasi ndi ogawidwa kale. Kunthambi, kumene onse amakhala pansi pa mtengo umodzi, m'pamene timataya ana a msinkhu umenewu. Agaweni, ngakhale kugawako kukhale kwa mtengo uwu ndi mtengo uwo. Ana okulirapowo apatseni ntchito: wina awerenge vesi, wina aimbe ng'oma, wina aitane mayina.

Kuitana mayinako kukutifikitsa pa kaundula. Kope wamba la masamba 80 likukwana: dzina la mwana, zaka, mudzi, ndi dzina la amene amamusunga, poti ambiri amakhala ndi agogo kapena azakhali. Mukapita kunthambi, musafunse kuti, "Ana alipo angati?" Yankho lake nthawi zonse ndi "ambiri". Tsegulani kope, yendetsani chala, mupeze dzina limene lakhala lopanda chizindikiro masabata atatu otsatizana, mufunse kuti, "Nanga uyu ali kuti?" Mwina wadwala malungo, mwina alibe chovala, mwina wapita kunyanja ya Chilwa kukathandiza asodzi, mwinanso akukonzekera kukwatiwa ali Sitandade 7. Mphunzitsi wa pomwepo amadziwa nyumba yake. Mapemphero akatha, mupemphe akuperekezeni.

[Chithunzi: anthu awiri akuyenda m'kanjira ka pakati pa minda ya chimanga, mmodzi wanyamula kope m'jumbo.]