Njinga ya Honda yopopa mpweya ndi magetsi: zomveka ndi zenizeni

[Pa kanema: mbaula ya makala, dzanja likukupiza ndi chivundikiro cha poto]

Moni nonse okonda njinga zamoto. Tayang'anani mbaula iyi. Makala ndi omwe aja, sindinawonjezere ngakhale limodzi. Koma ndikangoyamba kukupiza, onani mmene akufiirira mpaka kuthetheka. Chimene ndawapatsa ndi mpweya basi. Mbaulayi muisunge m'mutu, chifukwa injini nayo ndi moto wotsekeredwa m'chitsulo.

Mwina mwaziona kale pa Facebook kapena pa YouTube zithunzi za njinga ya Honda imene akuti ikubwera ndi supercharger, chipangizo chopopera mpweya m'injini. Ena alemba kale mtengo wake, ena akuti idzasiya Kawasaki H2 m'fumbi. Tiyeni tiipete nkhaniyi, mankhusu apite uko.

[Pa kanema: injini ya V3 pa chionetsero]

Mu Novembala 2024, pa chionetsero cha njinga zamoto cha EICMA ku Milan m'dziko la Italy, Honda inaonetsa injini ya masilinda atatu oyalidwa ngati chilembo V, otalikirana madigiri 75, awiri kutsogolo, imodzi kumbuyo. Pamwamba pake anaikapo kompresa, chopopera mpweya, yoyendera magetsi. Mu Novembala 2025, pa chionetsero chomwecho, anabwera ndi njinga yathunthu, dzina lake V3R 900 E-Compressor Prototype. Injini yake ndi ya 900cc, ndipo eni ake akuti cholinga n'chakuti izikoka ngati ya 1200cc. Mawu omaliza m'dzinalo musawalumphe. Prototype ndi njinga yoyeserera, si ya m'sitolo.

Nanga kupopa mpweyaku n'kwa chiyani? Injini wamba imadziyamwira yokha mpweya pisitoni ikamatsika. Kuti gilamu imodzi ya petulo ipse bwinobwino pamafunika magilamu pafupifupi 14.7 a mpweya. Petulo ndi wosavuta kuthira wambiri, koma mukathira wopitirira mpweya umene walowa, mumangopeza utsi wakuda ndi pulagi yoda mwaye. Chimene chimaika malire a mphamvu ndi mpweya.

Amene munakwerapo mtunda wa Golomoti kulowera ku Dedza pa njinga ya kabaza mukuidziwa nkhaniyi. Mtundawo ndi wovuta, inde, koma palinso china. Kunyanja muli pansi pa mamita 500 kuchokera pamene pali nyanja zikuluzikulu, pomwe boma la Dedza lili cha m'ma 1,600. Kumtundako mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yodziyamwira yokha imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zake. Mukaipopera mpweya mokakamiza, mwaibwezera zimene phiri laichotsera, n'kuwonjezeranso zina.

Funso ndi lakuti, akukupiza ndani?

[Pa kanema: zithunzi za njinga za m'ma 1980]

Mu turbo, wokupiza ndi utsi. Utsi wotuluka ku ekizozi umazungulitsa kagudumu ka mapeni, ndipo kagudumuko kamazungulitsa kanzake kamene kamakankhira mpweya m'injini. Makampani onse anayi a ku Japan anaiyesa njirayi. Honda CX500 Turbo ndi Yamaha XJ650 Turbo zinatuluka mu 1982, Suzuki XN85 mu 1983, Kawasaki GPz750 Turbo mu 1984. Sipanapite zaka zambiri, zonse zinasiya kupangidwa.

Chinazipha choyamba ndi kuchedwa. Mwapotoza chogwirira kuti mupatse moto, koma utsi usanachuluke turbo ili chete. Kenako mphamvu yonse ija imafika kamodzin'kamodzi. Pa galimoto ya matayala anayi munthu amapirira. Tsono taganizani muli pa njinga, mwapendekeka pa kona, tayala lakumbuyo likugwira phula ndi kadera kosaposa chikhatho chanu, ndiye mphamvu ikufikeni mwadzidzidzi chonchi. Apa sipofunika kufotokoza zambiri. Zinalinso zolemera, zodula ndi zovuta kukonza, ndipo mu 1984 momwemo Kawasaki inatulutsa GPz900R, yopanda turbo, yothamanga kuposa turbo yawo yomwe.

Mu supercharger, wokupiza ndi injini yeniyeniyo, kudzera m'magiya, tcheni kapena lamba. Si zatsopano ayi. Mu 1939 Georg Meier wa ku Germany anapambana mpikisano wa Senior TT pa chilumba cha Isle of Man atakwera BMW ya kompresa, ndipo nkhondo yachiwiri itatha oyendetsa mipikisano anaziletsa. Anadzazidzutsa mwamphamvu ndi a Kawasaki mu 2015 ndi Ninja H2 komanso H2R.

[Pa kanema: kagudumu ka supercharger ka H2, pafupi]

Onani kagudumu aka. M'mimba mwake ndi mamilimita 69, mukhoza kukabisa m'dzanja. Injini ikazungulira kamodzi, iko kazungulira maulendo 9.2, ndipo injini ikafika pamapeto kamayandikira maulendo 130,000 pa miniti imodzi. N'chifukwa chake injini ya 998cc ya H2R imapereka ma horsepower oposa 300. Mu Juni 2016, katswiri wa mipikisano ya njinga Kenan Sofuoğlu anaithamangitsa pa mlatho wa Osman Gazi ku Turkey mpaka wotchi yake ya liwiro inaonetsa makilomita 400 pa ola. Ine njingayi ndimaipatsa ulemu wonse. Koma kagudumu komangidwa ku injini kamatsata injiniyo. Injini ikamayenda pang'onopang'ono, nako kamakupiza mofooka, ndipo mphamvu yokazungulitsira imachotsedwa pa injini yomweyo.

Apa ndi pamene ya Honda ikundikokera mtima, ndipo anthu ofalitsa mphekesera za liwiro akuphonya pomwepa. Kompresa yamagetsi ili ndi mota yakeyake. Sidikira utsi, sidikira kuti injini ikwere. Kompyuta ikailamula, imapopa nthawi yomweyo, ngakhale mukunyamuka pa maloboti kapena mukutuluka pa kona pa giya yaikulu. Phindu lake ndi kukoka kwa pansipansi, kumene munthu amakugwiritsa ntchito tsiku lililonse, kuchokera m'injini yaing'ono ndi yopepuka. Honda inanenanso kuti kompresayi safuna intercooler, chozizilitsira mpweya chija chimene chimadya malo ambiri, ndipo poti siimangidwa ku ekizozi kapena ku magiya, angathe kuiika pomwe pali mpata.

M'magalimoto njirayi ilipo kale. Audi SQ7 inatuluka nayo mu 2016, koma inafunika magetsi apadera a mavoliti 48. Galimoto ili ndi malo osungira zonsezo. Njinga ilibe. Mota yopopa mpweya wochuluka chonchi imamwa magetsi kwambiri, ndipo magetsiwo ayenera kupangidwa ndi injini, kusungidwa penapake, n'kudutsa m'mawaya osatentha. Amakanika mukundimva: chilichonse chowonjezera ndi kulemera kwina, ndi malo enanso oti padzafe.

Ndipo tisaiwale za Suzuki. Mu 2013 ku Tokyo Motor Show anaonetsa Recursion, njinga yokongola ya masilinda awiri, 588cc, ya turbo. Magazini analemba chaka ndi chaka kuti yatsala pang'ono. Sinafike m'sitolo. Honda yapita patali kuposa pamenepo, chifukwa yachoka pa injini yokha kufika pa njinga yathunthu m'chaka chimodzi, ndipo ine ndikufunitsitsa kuti iyi isathere pa chionetsero.

[Pa kanema: kubwerera ku mbaula, dzanja lasiya kukupiza, makala akuyamba kuda]

Tsiku limene Honda idzatulutse pepala la njinga yogulitsa, ine ndidzayamba ndayang'ana kulemera kwake, kukula kwa batire, ndi kukoka kwake injini ili pa maulendo 3,000 pa miniti. Kenako ndidzafuna kumva kwa woikwera amene waikweza phiri lalitali dzuwa likuswa mtengo, ngati kompresayo inapopabe mpaka pamwamba.